Mtengo wa mapikapu a gitala, monga walembedwera m'kope la pakhomo

Anzanga ogwira chikwama cha pakhomo, mwana akabwera kudzapempha gitala yamagetsi, musafunse mtengo wa gitala wokha. Funsaninso kuti pansi pa nsambo pali mapikapu a mtundu wanji, chifukwa ndalama za m'tsogolo zimatulukira pamenepo. Ndikuikirani pano tsamba la mnyamata wathu wachisamba monga lilili m'kope langa. Mitengo ndi ya nthawi imene ndinkalipira. Zimene zakwera kuchokera pamenepo muwonjezere nokha.

Gitala yogula kwa munthu, yotengera Stratocaster koma yopanda dzina, makwacha zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Payokha siimveka kupitirira pakhonde, ndiye ampu, zikwi zana limodzi ndi makumi atatu. Chingwe cholumikiza ziwirizi, zikwi zisanu ndi zitatu. Nsambo, zikwi khumi ndi ziwiri. Pakhomo panali nsambo zanayiloni zotsala pa gitala yakale ya malume ake, koma sizikanathandiza, ndipo chifukwa chake ndi pikapu yomweyo. Pikapu ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa, ampu n'kutikuza kukhala mawu. Nayiloni siikokedwa ndi maginito, choncho siibala kanthu. Zonse pamodzi zikwi mazana atatu, nyimbo isanayimbidwe ngakhale imodzi.

Nzeru yake si yatsopano. George Beauchamp wa ku California anaiyesa mu 1931, ndipo mu 1932 magitala oyamba otere anali pamsika, opangidwa ndi kampani imene lero timaidziwa kuti Rickenbacker. Kuchokera pamenepo chasintha kwambiri ndi kakulungidwe ka waya ndi mtundu wa maginito. Mu pikapu imodzi ya Stratocaster wayayo amazungulira maginito pafupifupi ka 8,000. Ndi woonda ngati tsitsi, ndipo mutamutambasula angafike kilomita imodzi, koma kulemera kwake sikukwana magalamu 50. Choncho mukamalipira pikapu simukulipira chitsulo. Mukulipira wokulunga ndi dzina lolembedwa pabokosi. Wayayo akaduka malo amodzi, kaya ndi dzimbiri la thukuta kaya ndi sikuludiraiva ya mwana wachidwi, kilomita yonse yafa.

Gitala yathu inabwera ndi mapikapu atatu, iliyonse ya koyilo imodzi. Ndi mtundu umene Leo Fender anaika awiri pa Telecaster ndi atatu pa Stratocaster ya 1954. Mawu ake ndi owala, ndipo nsambo iliyonse imamveka payokha ngakhale zala zikuthamanga. Jimi Hendrix ankayimbira zotere, Mark Knopfler nayenso. Mnyamata wathu amakonda sungura ndi rumba, ndipo kumeneko gitala ya lidi iyenera kudula pakati pa ng'oma ndi besi n'kumveka yoyera. Mpaka apa palibe chodandaula.

Vuto ndi lakuti koyilo imodzi siimva nsambo zokha. Imatolanso magetsi a m'nyumba. Kuno magetsi a m'makoma amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ku America ka 60, ndipo zimenezo zimatuluka mu ampu ngati kung'ung'uza kosalekeza. Filiji ikayaka kumakula. Getsi la chubu limakuwonjezera, chaja ya foni chimodzimodzi. Mnyamata anati vuto ndi chingwe. Chingwe chabwinopo, zikwi khumi ndi zisanu. Kung'ung'uza kunatsala. Mmisiri wa magetsi anapeza kuti soketi ya pabalaza ilibe waya wa ethi, ndipo kukonza kunadya zikwi makumi awiri. Ndalama iyi yokha sindiiwerengera gitala mumtima mwanga, chifukwa soketi yotero ikhoza kupha munthu wogwira nsambo zachitsulo, koma m'kope ili pa tsamba lomweli. Kuchotsa chubu n'kuika mababu, zikwi zisanu. Kumata m'mimba mwa gitala ndi chipepala cha aluminiyamu chokulungira chakudya, kuti chitchinge phokoso lochokera kunja, pamodzi ndi guluu ndi wowotcherera waya wake, zikwi khumi. Kung'ung'uza kunachepa, mwina ndi theka. Theka limenelo linatidyera zikwi makumi asanu. Zonse pamodzi zikwi mazana atatu ndi makumi asanu.

Theka lotsalalo mankhwala ake ndi humbucker. Iyi ndi makoyilo awiri oyandikana, okulungidwa mosemphana, maginito awonso atatembenuzidwa mosemphana. Phokoso la magetsi limalowa m'makoyilo onse awiri mofanana, ndipo poti anakulungidwa mosemphana, la uku limafafaniza la uko. Mawu a nsambo sakufafanizika, chifukwa kusemphana kwa maginito kumawabwezera mbali imodzi, ndiye amaphatikizana. Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anakalembetsa nzeru imeneyi mu 1955, ndipo mu 1957 inaikidwa pa gitala yawo ya Les Paul. Nthawi yomweyo Ray Butts anali kupangira kampani ya Gretsch yakeyake. Mawu a humbucker ndi onenepa ndi amphamvu, kuwala kwake n'kochepa. Ndi amene mumamva kwa B.B. King, kwa Jimmy Page, kwa Angus Young.

Mitengo inabwera iwiri. Ya dzina, yoti msuweni atitumizire pa basi kuchokera ku Johannesburg, zikwi mazana awiri ndi makumi asanu, kuposa gitala yoti ikaikidwepo ndi zikwi zana. Yopanda dzina, ya m'tauni momwe muno, zikwi makumi anayi. Ndinasankha ya makumi anayi.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwera. Humbucker ndi yotambalala kuwirikiza koyilo imodzi. Siilowa pa bowo lakale. Chipulasitiki chakutsogolo chogwira mapikapu chimafunika china cha bowo lalikulu, zikwi makumi awiri. Pansi pa chipulasitikicho thabwa la gitala yathu linali losemedwa motsata mapikapu ang'onoang'ono, ndiye kalipentala ndi chizulo chake, zikwi khumi. Eddie Van Halen anachita zomwezo m'ma 1970, kusema thupi la mtundu wa Stratocaster kuti humbucker ya Gibson ilowe, koma iye anasema yekha. Kenako kachipangizo kopotokola voliyumu. Koyilo imodzi imayenda ndi ka 250k, humbucker imafuna ka 500k, apo ayi mawu ake, amene ndi onenepa kale, amamveka ngati ampu yafunditsidwa bulangeti. Zikwi zisanu ndi chimodzi. Mmisiri wa mawailesi wowotcherera zonsezi, zikwi khumi ndi zinayi. Minibasi, kupita ndi gitala ndi kukaitenga, zikwi khumi. Wonkhetsani: makumi anayi, makumi awiri, khumi, zisanu ndi chimodzi, khumi ndi zinayi, khumi. Chinthu cha zikwi makumi anayi chinadya zikwi zana. Zonse pamodzi zikwi mazana anayi ndi makumi asanu.

Kung'ung'uza kunatha. M'malo mwake munabwera likhweru. Voliyumu ikakwezedwa kutchalitchi, gitala inkalira tswii mpaka ana kutseka makutu. Mmisiri anaigogoda ndi chikhadabo, kugogodako n'kumveka mu ampu, ndipo anati waya wa m'kati ndi wolendewera, akunjenjemera yekha ngati maikolofoni. Opanga a dzina amaviika mapikapu awo m'phula losungunuka kuti wayayo agwirane. Opanda dzina ena amadumpha ntchito imeneyo, ndipo n'chifukwa chake anatigulitsa pa makumi anayi.

Anaiviikira pakhomo pathu, kuseri kwa khitchini. Makandulo oyera ndi chibenthu cha phula la njuchi, zikwi zisanu. Anaziika m'poto wamng'ono, potoyo n'kumukhazika m'sefuliya ya madzi otentha pambaula, chifukwa phula likakhala pamoto penipeni limagwira moto, ndipo likatentha kwambiri limapinda pulasitiki ya pikapu. Anamangirira pikapu ku kawaya n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Tinthovu tinayamba kutuluka m'mbali mwake, tambiri poyamba, kenako kamodzikamodzi. Titasiya kutuluka anaivuula, n'kuipukuta ndi kansalu isanazizire. Ntchito yabwino, ndipo sanalipiritse chifukwa anati ndi yomaliza ija. Koma poto amene anatengedwa anali wophikira phala la mwana wamng'ono, ndipo mayi ake anati m'menemo simudzaphikidwanso kanthu. Poto wina, zikwi khumi ndi zitatu. Pomasula ndi kumanganso, nsambo ziwiri zinaduka, ndipo sagulitsa ziwiri. Zikwi khumi ndi ziwiri. Likhweru linatha pa zikwi makumi atatu. Zonse pamodzi zikwi mazana anayi ndi makumi asanu ndi atatu.

Patapita nthawi mnyamata anati pa nyimbo za sungura gitala siikudulanso. Ananena zoona, nanenso ndinamva. Mawu owala aja anali a koyilo imodzi, ndipo tinali titaichotsa pamalo pamene iye amayimbirapo lidi. Mmisiri anati humbucker yathu ili ndi mawaya anayi, choncho n'zotheka kuzimitsa koyilo imodzi n'kusiya inayo, pogwiritsa ntchito voliyumu ya mtundu wina imene imakokedwa ndi kukankhidwa. Kachipangizoko, zikwi khumi. Kuwotcherera, zikwi khumi. Ukakoka, kuwala kumabwerako ndithu, ngakhale sikufika pa kwa pikapu yakale. Koma koyilo ikatsala imodzi, palibenso chofafaniza phokoso la magetsi. Ndiye kuchepetsa kung'ung'uza tinalipira zikwi makumi asanu, kukuthetsa zikwi zana limodzi ndi makumi atatu, kukubweza zikwi makumi awiri. Zonse pamodzi zikwi mazana asanu. Mwa izi, zikwi mazana awiri zapita pa kachigawo ka gitala kosakwana chikhatho.

Pamenepo ndinajambula mzere. Zopempha zonse zobwera pambuyo pake ndimazilemba ndi pensulo kumbuyo kwa tsamba, ndi mitengo yake, popeza kukana chinthu osadziwa mtengo wake si chilungamo kwa mwana.

Choyamba ndi P-90. Gibson inaitulutsa mu 1946, humbucker isanabwere. Ndi koyilo imodzi, koma yofupika ndi yotambalala, ndipo mawu ake ali pakati: onenepa kuposa a Stratocaster, aukali kuposa a humbucker. Les Paul Special ya Bob Marley inali ndi mapikapu otere, ndipo mfundo imeneyi ndi imene mnyamata anabwera nayo, podziwa makaseti amene ndimasunga. Pikapuyo, zikwi makumi anayi ndi zisanu. Siilowa pa bowo la koyilo imodzi, siilowanso bwino pa la humbucker, ndiye chipulasitiki chachitatu, zikwi makumi awiri. Kalipentala, khumi. Mmisiri, amene tsopano wakweza, khumi ndi zisanu. Minibasi, khumi. Zikwi zana. Ndipo poti ndi koyilo imodzi, imang'ung'uza.

Chachiwiri ndi maginito. Mapikapu awiri akale amene atsala pa gitala ali ndi maginito a seramiki, kachitsulo kakuda komatidwa pansi, otsika mtengo. A Fender oyambirira anali ndi timaginito ta alnico, chosakaniza cha chitsulo, aluminiyamu, nikelo ndi kobalti, ndipo kobalti wambiri wa dziko lapansi amakumbidwa ku Congo. Oyimba amati alnico ndi yofewa m'khutu, seramiki ndi yolimba. M'chipinda chachete, munthu atayimba ziwirizi motsatizana, kusiyanako kulipo, sindikana. Koma mnyamata wathu sayimbira m'chipinda chachete. Amayimbira pakati pa kiyibodi, ng'oma ndi kwaya, kudzera mu ampu ya sipika imodzi yaing'ono, pansi pa denga la malata. Kuchokera pa benchi lachitatu kusiyana kumeneko sikufika. Ziwiri pa zikwi makumi anayi iliyonse, mmisiri khumi ndi zisanu, minibasi zisanu. Zikwi zana.

Chachitatu ndi mapikapu a batire, amene amati active. Kampani ya EMG ya ku California inayamba kuwapanga mu 1976, ndipo oyimba a Metallica anawatchukitsa. M'kati mwake waya ndi wochepa, ndiye satola phokoso lambiri, ndipo mawu ofookawo amakuzidwa ndi kachipangizo kodya batire la 9V. Ndi achete ndithu, ndi amphamvu, ndipo nyimbo zaphokoso lolemera zimawakonda. Mtengo umene tinauzidwa, zikwi mazana atatu, pamodzi ndi mavoliyumu ake a 25k ndi jaki yake, chifukwa zakale zonse zimachoka, kuphatikizapo ka 500k kaja ndi kokoka kaja. Malo a batire, kalipentala, khumi. Mmisiri, makumi awiri ndi ziwiri. Minibasi, khumi. Mabatire awiri, lina losungira, zisanu ndi zitatu. Zikwi mazana atatu ndi makumi asanu.

Batirelo lili ndi masamu akeake. Limayamba kudyeka chingwe chikangolowa m'gitala, kaya munthu akuyimba kaya wagona. Tiyerekeze kuti limakhala maola chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Mwana woyimba maola khumi pa sabata, wozula chingwe akamaliza, litha kum'fikitsa pafupi zaka zitatu. Mwana wosiya chingwe chili chilowere, tsiku lili ndi maola makumi awiri ndi anayi, ndiye miyezi iwiri latha. Mabatire asanu ndi limodzi pa chaka, zikwi makumi awiri ndi zinayi. Inu mukudziwa mwana wanu ndi uti. Wathu amasiya getsi la kubafa.

Za pensulo zonse pamodzi, zikwi mazana asanu ndi makumi asanu. Zikanalembedwa ndi inki, tsambalo likanafika miliyoni imodzi ndi zikwi makumi asanu, mtengo wa gitalayo kasanu ndi kawiri.

Pali zina zimene sizilowa m'kope chifukwa sizidya ndalama, ndipo ndi zimene muyenera kuyamba nazo. Pa magitala ambiri a mapikapu atatu, ya pakati imakulungidwa mosemphana ndi zinzake, maginito akenso atatembenuzidwa, kotero kuti swichi ikakhala pa malo achiwiri kapena achinayi, mapikapu awiri amagwira ntchito ngati humbucker ndipo kung'ung'uza kumazimirira. Yathu inalibe zimenezo. Musanalipire, lumikizani gitala kwa wogulitsayo, kwezani voliyumu, musakhudze nsambo, yendetsani swichi malo onse asanu n'kumvetsera. Mphindi ziwiri zimenezo zikhoza kukupulumutsirani zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Mugogodenso pikapu iliyonse ndi chikhadabo. Chachiwiri, pikapu iliyonse ili ndi tizomangira tiwiri m'mbali toikwezera ndi kuitsitsa. Ikayandikira nsambo mawu amakula, ikayandikira kwambiri maginito amakoka nsambo n'kusokoneza chuni. Ikatsika mawu amafewa. Zambiri zimene ana amati pikapu yoipa ndi pikapu yokhala pamalo polakwika. Chachitatu, malo. Pikapu yomweyo ikakhala kufupi ndi khosi la gitala imapereka mawu onenepa, ikakhala kumapeto kwa nsambo imapereka akuthwa, chifukwa nsambo imagwedezeka kwambiri chapakati kuposa kumapeto. Swichi ya malo asanu, imene Fender inayamba kuika mu 1977, ikutanthauza kuti pa zikwi zana limodzi ndi makumi asanu munagula kale mawu a mitundu isanu, zikwi makumi atatu mtundu umodzi. Mwana awamalize kaye amenewo. Chachinayi, woyimba akatembenuka pang'ono, kapena akasuntha mapazi awiri kuchoka pa ampu ndi filiji, phokoso limatsika.

Kunena chilungamo, mnyamatayu amayimba bwino, ndipo gitala imabweretsako kanthu. Kutchalitchi salandira, ndipo sindifuna kuti alandire. Ku maukwati amam'patsa zikwi khumi ndi zisanu. Chaka chabwino maukwati amakwana khumi ndi awiri, ambiri m'miyezi yopanda mvula. Zikwi zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu. Chotsanipo nsambo, kanayi pa chaka, zikwi makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Chotsanipo kabaza wonyamula iye ndi ampu, zikwi zitatu ukwati umodzi, makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Pa ukwati uliwonse pamatsala zikwi zisanu ndi zitatu. Kuti zikwi mazana asanu zibwerere pakufunika zaka zisanu zathunthu ndi maukwati ena atatu, ngati sipika siing'ambika, ngati waya uja saduka, ngati mitengo ya nsambo iima pamene ili, ndiponso ngati ndalamazo azibwera nazo kunyumba zonse.

Mlongo wake tsopano wapempha besi. Ndafufuza kale. Ya mtundu wa Precision, kuyambira 1957, ili ndi pikapu yogawidwa pawiri, theka la nsambo ziwiri zakumwamba ndi theka la ziwiri zakumunsi, ndipo magawo awiriwo amafafaniza kung'ung'uza kuchokera kufakitale. Palibe kalipentala, palibe chipulasitiki china. Besi yogula kwa munthu, zikwi mazana awiri. Ampu ya mchimwene wake siingapirire mawu a besi, sipika ingang'ambike, ndiye yakeyake, zikwi mazana awiri ndi makumi asanu. Nsambo ndi zinayi zokha koma zonenepa, zikwi makumi atatu. Chingwe, khumi ndi zisanu. Minibasi, zisanu. Zikwi mazana asanu, ndi pensulo.